Kubisa ndi Kuvumbula: Mbiri ya Mawu Otulukira Zobisika ku Namwera ndi Kumwera kwa Nyanja

1. Mawu oyamba

Munthu wa ku Namwera akadwala nthenda yosamvetseka, kapena mbuzi zake zikasowa m'khola usiku, mafunso ake oyamba amawafunsa m'Chiyao, pakuti ndicho chiyankhulo cha pakhomo. Koma akatsika phiri kupita ku boma la Mangochi, kapena akangolowa m'chipatala, ku polisi ndi ku bwalo la milandu, mayankho ambiri amawalandira m'Chichewa. Kuyambira chaka cha 1968, pamene msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko lonse, mawu a Chichewa ndiwo akhala akusenza nkhani za boma m'dera lino. Motero funso lakuti mawuwo amamveka bwanji m'makutu a munthu wodwala, kapena woimbidwa mlandu, si funso la akatswiri a ziyankhulo okha.

Pepala lino likulondola mbiri ya kagulu kamodzi ka mawu: aneni ndi maina amene timagwiritsa ntchito ponena za kutulukira chinthu chobisika, monga kuombeza, kuvumbula, kuzonda, kufufuza, kuunika, kuyeza ndi kupeza. Mfundo yathu ndi imodzi yokha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880, njira zotulukira zobisika zasintha kangapo konse: pambuyo pa woombeza ula padabwera wamchape, wapolisi, kazitape ndi dokotala. Koma aliyense wa awa pofika sadabwere ndi thumba la mawu akeake. Adatola mawu amene adawapeza. Tsono mawu akalewo adaumbidwa kuti ayankhe funso lakuti “ndani wachita ichi?”, ndipo mpaka lero amalisenzabe funsolo, ngakhale pamalo pamene funso loyenera lili lakuti “n'chiyani chili m'thupimu?”

2. Kapangidwe ka mawuwo

Tisanalowe m'mbiri, tiyambe taona mmene mawuwa adapangidwira. Tikhoza kuwagawa m'magulu anayi potsata njira imene chobisikacho chimatulukira.

Gulu loyamba ndi la aneni ochotsa chophimba. Ambiri mwa iwo ali ndi mphatikiri -ul-, amene ntchito yake ndi kubweza zimene mneni wina adachita:

(1) -tseka : -tsekula
-mata : -matula
-yala : -yalula
-vundikira : -vundukula
-kwirira : -fukula

M'gulu lomweli muli -vumbula ndi -ulula, ngakhale anzawo oyamba aja saonekanso padera m'chiyankhulo cha lero. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti mneni wobweza amaganizira kuti padali wina amene adachita ntchito yoyamba. Sitivundukula mphika umene palibe adauvundikira. Munthu akati nkhani yavumbulidwa, womva amadziwa kale kuti padali woikwirira.

Gulu lachiwiri ndi la aneni a mlenje: -londola, -tsata, -nunkhiza, -fufuza, -zonda. Awa amaganizira kuti chobisikacho chidasiya mapazi. Dzina lakuti kafukufuku, limene lero tikulimva ku polisi ndi ku sukulu ya ukachenjede komwe, lili pakati pa magulu awiriwa, pakuti lidachokera ku kufukula kobwerezabwereza, monga imachitira nkhuku padzala.

Gulu lachitatu ndi la kufunsa kwa amene amaona zimene maso a anthu saona: -ombeza, -losa, ndi maina monga ula kapena maula. Mneni -ombeza ali ndi tsinde -omb-, lomwe lija la kuomba m'manja ndi kuomba ng'oma.

Gulu lachinayi ndi la kuika chinthu pa muyeso kapena pa kuwala: -yesa, -yeza, -pima, -unika. Mneni -unika ndi mbale wake wa dzina lakuti muuni, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi kuwalitsa pamdima.

Pali kusiyana kwinanso kumene tidzakufuna kumapeto. Mneni -bisa akhoza kulandira mphatikiri -idw- kapena -ik-:

(2) a. Ndalama zabisidwa ndi mlonda.
b. Ndalama zabisika.
c. *Ndalama zabisika ndi mlonda.

Chiganizo (2c) sichimveka bwino ngati tikufuna kunena kuti mlonda ndiye wabisa. Monga adaonetsera Dubinsky ndi Simango mu 1996, komanso Sam Mchombo m'buku lake la 2004 lonena za kapangidwe ka ziganizo za Chichewa, msintho wa -idw- umasunga malo a wochita, pamene msintho wa -ik- umamuchotseratu. Chobisidwa chili ndi wochibisa; chobisika chikhoza kungokhala chosaoneka. Chichewa, tsono, chili nacho kale chida chonenera chinthu chosaoneka popanda kuloza munthu chala.

3. Nyengo ya ula, mwavi ndi mabisalira

Umboni wakale wolembedwa wa mawuwa ukuchokera kwa amishoni a ku Blantyre. Duff Macdonald, amene adakhala kumeneko kuyambira 1878 mpaka 1881, adasindikiza buku lake Africana mu 1882, ndipo zambiri zimene adalembamo adazimva kwa Ayao. Ngakhale Blantyre ali kutali ndi Namwera, umboniwu ukutikhudza, chifukwa Ayao a m'mapiri a Shire aja adali Amangoche, amene adachoka m'mapiri omwewa a Mangochi cha m'ma 1860 atakankhidwa ndi anzawo Amachinga. Mu 1892 David Clement Scott adatulutsa mtanthauziramawu wake wamkulu wa Chimang'anja, umene Alexander Hetherwick adaukonzanso mu 1929, ndipo mu 1906 Alice Werner adalemba za miyambo ya anthu a dziko lino. Tikaika mabuku amenewa pamodzi, tikuona kuti kutulukira mfiti kapena mbala kudali ndi masitepe ake, ndipo sitepe iliyonse idali ndi mwini wake ndi dzina lake.

Poyamba abale a wodwala kapena a womwalira ankapita kwa woombeza. Kwa Amang'anja chida chake chinkatchedwa ula. Kwa Ayao chinkatchedwa chisango. Woombeza sankagamula mlandu. Iye ankangoloza kumene vuto lachokera. J. Clyde Mitchell, amene adakhala pakati pa Ayao a kumwera kwa nyanja kuyambira 1946 mpaka 1949 nalemba The Yao Village mu 1956, adaonetsa kuti chisango kawirikawiri chinkagwera m'kati mwa mbumba momwemo, pakati pa anthu amene adali kale ndi mangawa, ndi kuti midzi yambiri inkagawikana pambuyo pa kunenezana usawi, ndiko kuti ufiti. Mfundo yake ikugwirizana ndi imene E. E. Evans-Pritchard adaipeza kwa Azande a ku Sudan mu 1937: anthu ankadziwa bwino kuti njoka ndiyo yaluma, koma ankafunanso kudziwa chifukwa chake yaluma uyu, osati uyo, ndiponso lero, osati dzulo. Funso lachiwirili ndilo linkapita kwa woombeza, ndipo yankho lake linkakhala dzina la munthu kapena la mzimu.

Imfa zikachuluka m'mudzi, mfumu inkaitana katswiri wina woposa woombeza wamba. Werner adalemba maina ake awiri, mabisalila ndi mavumbula, ndipo Macdonald adamva Ayao akumutcha mbisalila. Kawirikawiri adali mayi. Ankafika m'mudzi nakhala masiku angapo, kuyendayenda usiku ndi kumvetsera. Kenaka tsiku lake likakwana anthu ankasonkhana pabwalo, ng'oma n'kulira, iye n'kuvina, n'kutchula mfiti, n'kukafukula nyanga zimene ankati mfitiyo idakwirira. Maina awiriwa akufotokoza ntchito yonse: loyamba likuchokera ku -bisalira, lachiwiri ku -vumbula. Wotulukira zobisika ayenera kuyamba wabisala iye mwini.

Dzina lakuti mbisalila lili ndi phunziro lina kwa ife. Mneni wa Chiyao wotanthauza kubisa ndi -sisa, ndipo kubisala ndi -juwa. Tsinde -bis- ndi la Chinyanja. Tikuganiza, tsono, kuti Ayao adabwereka dzinali kwa Amang'anja ndi Anyanja amene adawapeza ndi kukhala nawo. Ngati zili choncho, kubwerekana mawu a gulu lino pakati pa ziyankhulo ziwirizi kudayamba kale, boma la atsamunda lisanakhazikike ndiponso lamulo la 1968 lisanalotedwe n'komwe.

Wotchulidwa akakana, pankatsala mwavi. Khungwa la mtengo umene akatswiri a zomera amautcha Erythrophleum suaveolens linkasinjidwa ndi munthu wapadera, mapondera, n'kusungunulidwa m'madzi. Wosanza ankayera, wakufa ankatsimikizika kuti adalidi mfiti. Nthawi zina nkhuku kapena galu ankamwa m'malo mwa mwini mlandu. Liwuli ndi lofala m'ziyankhulo zambiri za kuno: m'mabuku akale a Chinyanja lidalembedwa mwabvi, m'Chiswahili ndi mwavi, m'Chibemba umwafi, ndipo m'Chiyao, mmene mulibe liwu la v lachikhalire, ndi mwai. Wolemba mtanthauziramawu wa ziyankhulo ziwiri achenjere pamenepa, pakuti mwai wa Chiyao ndi mwayi wa Chichewa amafanana pa pepala, koma wina ndi chiphe, wina ndi dalitso.

Onaninso kapangidwe ka maina atatuwa: mabisalira, mavumbula, mapondera. Onse ali ndi ma- kutsogolo, koma si ochulukitsa. Ndi maina a udindo wa munthu mmodzi, ndipo amatenga agwirizanitsi a gulu la anthu. Chiyankhulo chimene chili ndi maina osiyana a wofunsa ula, wosaka mfiti ndi wosinja khungwa ndi chiyankhulo cha anthu amene adali ndi dongosolo lenileni la milandu. Ndipo m'dongosolo lonselo, chobisika chinkakhala chobisidwa: kumapeto kwa kufufuza kunkayenera kuima munthu.

4. Lamulo la 1911 ndi Buku Lopatulika

Mu 1895 asilikali a boma la Britain adalanda mudzi wa mfumu Jalasi pa phiri la Mangochi, namangapo linga lawo, limene mabwinja ake alipobe pafupi ndi Namwera. Kuyambira pamenepo milandu ikuluikulu idayamba kuchoka m'manja mwa mafumu. Mu 1911 boma la Nyasaland lidakhazikitsa lamulo lokhudza ufiti, limene lidaletsa kumwetsa mwavi, kutchula munthu mfiti, ndi kulemba ntchito wosaka mfiti. Lamuloli lidapulumutsa miyoyo yambiri, ndipo palibe chifukwa cholirira mwavi. Koma kwa anthu a m'midzi lidaoneka ngati latembenuza mlandu: wonena kuti walodzedwa ndiye ankamangidwa, woganiziridwa n'kubwerera kwawo.

Pa chiyankhulo lamuloli lidachita zinthu ziwiri. Choyamba, maina a maudindo aja adayamba kuzimirira, chifukwa udindo umene sutchulidwa poyera dzina lake silichedwa kuiwalika. Mwana wa sukulu wa lero amadziwa mneni kubisalira, koma mukamufunsa za mabisalira kapena mapondera amangokuyang'anani. Chachiwiri, ntchito zonse zija zidaunjikana pa dzina limodzi lakuti sing'anga, limene boma linkalilekerera chifukwa limanenanso wodziwa zitsamba. Kusokonezeka kumene tili nako lero, kwakuti liwu limodzi likutchula wochiza chifuwa ndi woloza mfiti yemwe, kuli ndi mizu yake m'nyengo imeneyi.

Nthawi yomweyo omasulira Baibulo, motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ankasankha mawu a Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922. Iwo adagawa mawu athu aja pawiri. Kuombeza kudaikidwa kumbali ya zoletsedwa. Koma -vumbula, mneni yemwe uja wa mavumbula, adakwezedwa kukhala wa Mulungu, kotero kuti buku lotsiriza la Chipangano Chatsopano lidatchedwa Chibvumbulutso, limene m'kalembedwe ka lero ndi Chivumbulutso. Mneni -zonda adapatsidwa kwa amuna aja amene Mose adawatuma ku Kanani. Anthu ambiri a ku Namwera ndi Asilamu, ndipo Buku Lopatulika silidali buku la pakhomo pawo. Koma Chinyanja cha m'bukuli ndicho chidakhala maziko a chiyankhulo cholembedwa, cha m'sukulu ndi cha m'manyuzipepala, ndipo kudzera m'njira imeneyo kusankha kwa omasulira aja kudafika ngakhale kwa amene sadalitsekulepo.

5. Mchape: kuunika ndi kuchapa

Mpata umene lamulo la 1911 lidasiya sudakhale wopanda kanthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kudabuka gulu la amchape, limene mbiri yake imati lidayambira ku Mulanje kwa munthu amene ena adamulemba Kamwende, ena Kamwiri. Lidafalikira m'Nyasaland, m'Mozambique, m'Tanganyika ndi m'maiko a Rhodesia, ndipo Audrey Richards adalipeza kwa Abemba mu 1934 nalemba za ilo chaka chotsatira. Amchape adali anyamata ovala zachizungu. Ankandandika anthu a mudzi wonse pamzere, n'kumawayang'ana mmodzimmodzi m'kagalasi. Wooneka ndi ufiti ankauzidwa kuti apereke nyanga zake, ndipo onse ankamwa mankhwala amene ankati adzapha aliyense wobwerera ku ufiti. Mu 1947 kudabukanso gulu la Bwanali ndi Mpulumutsi, limene Max Marwick adalifotokoza mu 1950, ndipo kuyambira 1956 mpaka 1964 anthu ankachoka kutali kupita kwa Chikanga ku Rumphi.

Kwa wophunzira chiyankhulo, mchape ndi mphambano. Dzinali likuchokera ku -chapa, mneni wa zovala ndi wa pamtsinje, osati wa pabwalo la milandu. Posankha dzina lotere amchape adazemba lamulo, pakuti sankati akutchula mfiti, ankati akuchapa mudzi. Kachiwiri, adalowetsa chida chagalasi m'ntchito yotulukira zobisika, ndiponso mzere wa anthu oyembekeza kuonedwa mmodzimmodzi ndi mlendo, ndi mankhwala a m'botolo omwedwa ndi onse. Amene adaonapo katemera kapena kuyeza anthu pamudzi aona yekha kufanana kwake. Amchape adatengera maonekedwe a chipatala cha boma. Ndipo pambuyo pake, chipatala chikafika pamudzi ndi magalasi ake, anthu adali nacho kale chithunzi chochiyerekezera.

Kuti dzinali lidakhazikika tikuonera zimene zidachitika mu 1995 m'boma loyandikana nalo la Machinga. Billy Goodson Chisupe adalengeza kuti adalota mankhwala a Edzi, ndipo anthu miyandamiyanda adakhamukira kumudzi kwake kufupi ndi Liwonde. Chisupe sankasaka mfiti, komabe anthu adatcha chakumwa chake mchape. Liwu limene lidabadwira ufiti lidasamukira ku kachirombo popanda womufunsa.

6. Kazitape

M'mwezi wa February 1965 Henry Masauko Chipembere ndi anthu ake adalanda boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, koma ulendo wawo wa ku Zomba udathera pa doko la Liwonde. Asilikali a boma adasaka otsala m'mapiri ndi m'nkhalango za kum'mawa kwa nyanja, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo, Medson Silombela, adanyongedwa ku Zomba mu 1966. Kwa zaka zambiri pambuyo pake dera lino linkayang'aniridwa ndi diso lokayikira, ndipo anthu adaphunzira kuyang'ana kumbuyo asanayankhule.

Liwu la nyengo imeneyo ndi kazitape. Kapangidwe kake n'koonekeratu: ka- wotuma, -zi- woimira zinthu kapena nkhani, tsinde -tap-, ndi -e wolamula. Ndi chiganizo chathunthu, “pita ukazitape”, chimene chidauma n'kusanduka dzina, monga momwe kachirombo kothamangira moto kadatchedwera kadziwotche. M'kati mwa dzinali muli anthu awiri: wotumidwa ndi womutuma wosatchulidwa. Kazitape ndi mdzukulu wa mabisalira, pakuti nayenso amabisala kuti avumbule. Kusiyana kwawo n'kwakuti mabisalira ankatsiriza ntchito yake pabwalo, masana, wotchulidwa ali pomwepo ndipo ali ndi mwayi wokana. Kazitape ankatsirizira m'chipinda, ndipo wonenezedwa sankamuona womuneneza.

Apolisi adabweretsanso mawu obwereka ku Chingerezi, monga kusecha ndi chipikisheni, koma mneni wawo wamkulu adakhala -fufuza, ndipo chotsatira chake -gwira ndi -peza. Chiganizo cha pabwalo la milandu chakuti munthu wapezeka wolakwa, ndi cha m'nyuzipepala chakuti wapezeka ndi katundu wakuba, zidazika mizu m'Chichewa cholembedwa ndi cha pa wailesi. Chimango chimenechi, cha munthu kutsogolo, -pezeka pakati, ndi “ndi” wotsatiridwa ndi chinthu choletsedwa, ndicho chipatala chidadzachitola.

7. Chipatala ndi chimango cha “wapezeka ndi”

Chipatala ndicho chotulukira zobisika chachikulu cha masiku ano. M'mbali mwa nyanja, kumene likodzo ndi malungo zili nthenda za tsiku ndi tsiku, anthu adazolowera kupereka mkodzo ndi magazi kuti ziyang'anidwe. Aneni a ntchito imeneyi adachokera m'gulu lachinayi lija: kuyeza magazi, kupima, kuunika m'chifuwa. Kusankha kumeneku kudali kwabwino, popeza -yeza ndi -pima ndi aneni a pamsika ndi a telala, ndipo -unika ndi wa muuni. Palibe mwa iwo amene amafuna wolakwa. Vuto lili pa kanenedwe ka zotsatira. Taonani ziganizo izi:

(3) a. Mnyamatayo wapezeka ndi chamba.
b. Mlondayo wapezeka ndi katundu wakuba.
c. Mayiyo wapezeka ndi mlandu.
d. Mwanayo wapezeka ndi likodzo.
e. Bamboyo wapezeka ndi kachirombo.

Ziganizo zisanuzi zili ndi chimango chimodzi. M'zonse mwininkhani ndi munthu, ndipo chinthu chotulukiridwacho chaikidwa m'manja mwake ndi kaliwu “ndi”, komwe kaja ka “ali ndi mbuzi”. Ngakhale mneni -pezeka ali ndi msintho wochotsa wochita, amene wachotsedwa ndi wopeza yekha. Wopezedwayo watsala poyera, atagwira chinthu. M'ziganizo (3a) mpaka (3c) tanthauzo lake ndi lakuti adali nacho, ankadziwa, ndipo ankabisa. Womva (3e) ayenera kudzikakamiza kuti asamve chimodzimodzi.

Tisakokomeze. Anthu amati “wapezeka ndi malungo” tsiku lililonse, ndipo palibe amene amachita nazo manyazi. Chimango pachokha sichibala mlandu. Koma pamene nthenda ili kale ndi mbiri yoipa, chimangochi chimaupatsa mlanduwo pokhala. Kuyambira 1985, pamene wodwala Edzi woyamba adadziwika m'Malawi, aphungu a m'zipatala akhala akulimbana ndi mantha a anthu okana kuyezetsa, ngakhale pambuyo pa 2004 pamene mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere. Zifukwa za manthawo n'zambiri, ndipo zazikulu si za galamala. Komabe ndi bwino kuzindikira kuti munthu amene tikumupempha kuti akayezetse tikumuitanira ku chiganizo chimene, m'mbiri yonse ya chiyankhulo chake, chakhala chikunenedwa pa akuba ndi afiti. Pamacheza anga ndi anthu a m'dera lino ndaona kuti funso lotsatira zotsatira zotere kawirikawiri limakhala lakuti wamupatsa ndani. Ndilo funso lomwe lija linkapita ku chisango.

Kuti funso limeneli likadali ndi mano tidaona mu January 2016, pamene okalamba anayi adaphedwa ku Neno atanenedwa kuti ndiwo adatuma mphenzi imene idapha mtsikana wina, ndiponso mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, anthu angapo naphedwa, ogwira ntchito zaumoyo ndi zachitukuko nayamba kuopa kulowa m'midzi. Akuluakulu adati tsoka silinunkha. Koma mawu athu ambiri otulukira zobisika amalonjeza kuti likhoza kununkhizidwa mpaka pakhomo pa munthu.

Chichewa chili ndi njira ina yonenera zomwezo:

(4) a. Kachirombo kapezeka m'magazi mwake.
b. Mazira a likodzo aoneka m'mkodzo wa mwanayo.

Apa mwininkhani ndi chinthu chopezekacho, ndipo munthu wasanduka malo. Sadagwire kanthu, china chake chalowa mwa iye. Ziganizo (4) si zachilendo, si zomasulira, ndipo wa ku Namwera ndi wa ku Dedza yemwe akhoza kuzimva msanga. Zikusiyana ndi (3) monga momwe chobisika chimasiyanirana ndi chobisidwa.

8. Zoti okonza chiyankhulo aganizire

Bungwe la Chichewa, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidathera mphamvu zake zambiri pa kalembedwe ndi pa kusankha liwu loyenera pakati pa awiri. Ndilo lidatichotsera b mu mwabvi ndi mu kubvumbula. Likulu la kafukufuku wa ziyankhulo la Centre for Language Studies, limene lidalowa m'malo mwake mu 1996, lidatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ntchito zimenezi n'zazikulu. Koma mbiri imene talondola pano ikuonetsa kuti kukonza mawu a ntchito sikuthera pa kupeza dzina la chinthu. Tikupereka maganizo anayi.

Choyamba, mndandanda wa mawu a zaumoyo ndi a zamalamulo uzipereka liwu pamodzi ndi chimango cha chiganizo chimene liwulo limakhalamo. Kulemba kuti -peza ndiye mneni wa zotsatira za kuyeza n'kosakwanira, ngati sitinena kuti mwininkhani akhale ndani.

Chachiwiri, olemba timabuku ta zaumoyo ndi ophunzitsa aphungu ayesere chimango cha (4) pamalo pa cha (3), makamaka pa nthenda zimene anthu amachita nazo manyazi, ndipo kuyeserako kuchitike pakati pa odwala enieni kuti tidziwe ngati kusiyanaku kumamvekadi m'makutu mwawo monga kukumvekera m'makutu mwa wagalamala.

Chachitatu, tisathamangire kupeka mawu atsopano pamene akale ali ndi mbali yabwino yoti ikwezedwe. Mneni -zonda ndi chitsanzo. Iye yemweyo amene amanena za azondi a ku Kanani ndi amenenso timagwiritsa ntchito tikati tikukazonda wodwala. Kuyang'ana mwachifundo ndi kuyang'ana mwaukazitape zili m'tsinde limodzi, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi amene wayang'anayo ndi cholinga chake.

Chachinayi, ntchito yonseyi ichitikenso m'Chiyao, ndipo isachitike pomasulira kuchokera ku Chichewa. Chiyao chidalowa pa wailesi ya boma mu 1996 chitakhala kunja zaka zambiri, ndipo mawu ake a zaumoyo akadali kuumbidwa. Chili ndi mabuku ake akale, monga Chiikala cha Wayao cha Yohanna Abdallah cha 1919 ndi mtanthauziramawu wa Meredith Sanderson wa 1954, mmene wofufuza akhoza kuyambira polondola mbiri ya chisango, mwai ndi usawi monga tachitira pano ndi ula, mwavi ndi ufiti. Mayi wa ku Namwera amene wauzidwa zotsatira m'Chichewa amakazifotokoza kunyumba m'Chiyao, ndipo chiganizo chimene apongozi ake adzamve ndi chachiwiricho. Ngati okonza chiyankhulo akonza choyamba chokha, ntchito yawo idzathera pa khomo la chipatala.